Chitenje, a Harold ndi Anangumi a ku Japan

Chaka changa choyamba ku Mangalande, Sheffield

Tiyamike ndi Dalitso, ana anga, za ubwana wanga ndizidumpha, chifukwa munazimva kambirimbiri mpaka mumayasamula ndikangoziyamba. Ndiyambira pamene ndinatsika ndege ndi chikwama chimodzi, inu ndi bambo anu mutatsala ku Ntcheu kudikira kuti ndikuitaneni. Kumudzi ndinali nditagwirapo ntchito yothandiza anamwino pachipatala cha mishoni, ndiye ndinabwera modzikhulupirira kuti pa zosamalira odwala palibe wondiphunzitsa. Aa, ndinadzinamiza! Ntchito yanga yoyamba inali m'nyumba yosungiramo okalamba, pamwamba pa chitunda china ku Sheffield, ndipo phunziro loyamba limene anatikhomerera m'mutu linali lakuti munthu sanyamulidwa ndi manja. Ngakhale agwe pamaso pako, umusiye pomwepo, ukatenge makina onyamulira odwala, uitanenso mnzako kuti mukhale awiri. Chabwino, lamulolo lili ndi nzeru zake, limateteza misana yathu ndi mafupa a okalambawo. Koma makinawo analipo amodzi nyumba yonse, batire lake lotha nthawi zonse, ndipo mnzako womuitanayo naye anali yekha ndi chikhamu cha anthu kunyumba yapansi. Ndiye agogo amakhala pabedi lonyowa kudikira batire, ine nditaima pambali manja lende, mtima ukuwira. M'mawa tinkawandandalika onse kutsogolo kwa kanema, madzulo n'kuwachotsa. Ena ankalowa m'nyumbamo akucheza bwinobwino, koma pakatha miyezi ingapo amangoyang'ana khoma.

Pali chinthu china choti muchimvetse, chifukwa nkhani yonseyi yagona pamenepa. Viza yanga inali yomangiriridwa kwa abwana ondilemba ntchito. Ukachotsedwa, umapatsidwa kanthawi kochepa koti upeze abwana ena ovomerezeka ndi boma, apo ayi ulongedze uzipita. Inu ndi bambo anu mutafika, mapepala anu ankadalira anga. Ine kungochotsedwa n'kusowa kolowera, ndiye kuti tonse anayi pandege.

Chaka chachinayi, Hull

Tinasamukira ku Hull nditapeza ntchito kukampani yotumiza anthu kukasamalira odwala m'makomo mwawo. Abwana anga anali Mayi Dawson, mzimayi waukhondo, woyankhula motsitsa mawu, yemwe yankho lake pa chilichonse linali lakuti "malamulo a kampani". Ukapempha magolovesi owonjezera, malamulo a kampani. Ukadandaula kuti akupatsa makomo awiri otalikirana nthawi imodzi pamene iwe umayendera basi, amakumwetulira n'kunena kuti antchito ndi ochepa, tipirirane. Kupirirako kunali kwa ife oima pamvula podikirira basi, iwo ali phee muofesi yofunda.

Kumeneko n'komwe ndinakumana ndi a Harold. Anali mkulu wachikulire, akazi awo atamwalira kalekale, ndipo moyo wawo wonse anagwira ntchito pa sitima zopha nsomba kunyanja yozizira ya kumpoto. Sitiroko inawapha dzanja ndi mwendo wakumanzere, pakamwa n'kupotoka pang'ono, koma mutu unali wakuthwa kuposa wanga ndi wa Mayi Dawson kuphatikiza. Koma mwano, abale inu! Anzanga onse ankakana kupita kwawo. Tsiku loyamba anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Mnzako uja anatha sabata imodzi. Iwe ukhala mpaka liti?" Ine ndinati, "Mpaka mutaphunzira kupereka moni, bambo." Anaseka mpaka kutsamwa, ndipo kuyambira pamenepo tinamvana, ngakhale moniwo sanaphunzire. Nyumba yawo inali yaing'ono, kufupi ndi doko, ndipo padziko lonse ankaopa chinthu chimodzi chokha: kutulutsidwamo n'kukaikidwa kunyumba ya okalamba.

Masana onse ankaonera zam'nyanja pa kanema. Tsiku lina anandiitana ndikutsuka mbale. "Esinati, siya zimenezo udzaone." Pa kanemapo panali tizilumba ta dziko la Japan, takutali zedi ndi kumtunda, madzi ake oonekera mpaka pansi, anangumi akusambira ndi ana awo. Nangumi, poti mwina Chichewa chanu sichifika pamenepo, ndi chinyama cha m'nyanja ya mchere chachikulu kuposa basi. A Harold anati, "Ndakhala panyanja kuyambira ndili mnyamata, koma nyanja imene ndimaidziwa ine ndi yakuda, ukagweramo suchedwa. Inandilanda mng'ono wanga ndikuona. Ndikufuna ndisanafe ndikaoneko nyanja yofunda, yomwe zinthu zimalereramo ana." Ine ndinangoti, "Ehe, muyende bwino," n'kubwerera ku mbale zanga. Ndikanadziwa bwanji kuti munthuyo sakuseka, ndi kuti wokavutika naye kumeneko ndine?

Chaka chachisanu ndi chimodzi, mwezi wa Febuluwale

Amene anakonza zonse ndi mwana wawo wamkazi, Susan. Iye sakanatha kupita chifukwa amuna ake anali m'chipatala, choncho anapempha kampani kuti ipereke antchito awiri operekeza. Mayi Dawson anavomera, n'kutiitana ine ndi mnzanga wa ku Zambia, amake Mwansa, kudzatiwerengera malamulo. Anati, "A Harold asakakwere boti laling'ono. Asakanyamulidwe ndi manja. Anangumiwo akawaonera pamtunda, ndafunsa kale, pali phiri lomwe galimoto imafika pamwamba. Wophwanya izi ntchito yatha tsiku lomwelo. Tamvana?" Tinati tamvana. Kutatsala pang'ono kunyamuka, amake Mwansa anachotsedwa paulendowo, akuti antchito achepa mu Hull. Ndinafunsa kuti, "Nanga lamulo la anthu awiri lija?" Mayi Dawson osachita manyazi n'komwe anati, "A Harold amatha kuima ndi mwendo umodzi ukawagwirira. Munthu mmodzi akwana." Mwaonatu? Lamulo likawapanikiza iwo limapindika, likafika kwa ife lauma gwa.

Bambo anu atamva anagwira pakamwa. "Amake Tiyamike, inu amene mumatsinzina basi ikamadutsa pamlatho, mukakwere sitima yapamadzi?" Ndinawauza kuti ndi ntchito, sindinapemphe. Iwo anati, "Chabwino, koma musakachite zanu zija zachifundo chopanda malire. Kumbukirani kuti ana ali pasukulu." Ndinawayankha mwaukali kuti sindine mwana.

Ulendo wa pandege sindiukamba, unali wotopetsa basi. Vuto linayambira ku Tokyo. Kuzilumbazo kulibe bwalo la ndege. Pali sitima imodzi yomwe imayenda usana ndi usiku wathunthu, ndipo ikakutula imakhala masiku angapo isanakubweze, ukaiphonya udikire ulendo wina. Itangotuluka pagombe n'kuyamba kuvina, mayo ine! Ndinasanza zonse zimene ndinadya chibwerereni ku Mangalande. A Harold, munthu amene ku Hull ankakana chakudya tsiku ndi tsiku, anali gwa panjinga yawo ya aulumali, akudya mpunga ndi dzanja limodzi, nkhope ili ngwee. Ankandilamula kuti, "Usayang'ane pansi, yang'ana kutali komwe madzi akumana ndi mitambo. Tafuna bisiketi." Kenako n'kundifunsa monyogodola kuti, "Kodi wolipidwa kusamala mnzake ndani pano?" 

Pachilumba

Titafika, tisanayende n'komwe, anatiimika kuti tipukute nsapato pa mphasa zonyowa ndi mankhwala, ndipo matayala a njinga ya a Harold anawakwecha ndi burashi ngati akutsuka mano. Amene anatichingamira anali mtsikana wotiyendetsa, dzina lake Mika, wochepa thupi, wodziwa Chingerezi. Iye anafotokoza kuti pazilumbazo pali mbalame, mitengo ndi nkhono zomwe kwina kulikonse kulibe, ndipo kanjere kamodzi kobwera ndi nsapato ya mlendo kakhoza kumera n'kuwononga zonse. Ndinati mumtima, koma dziko lapita, ine kusanza usiku wonse kuti ndidzalandiridwe ndi malamulo a nkhono? Kunyumba yomwe tinafikira nako, nsapato zimatsala pakhomo, ndiye nthawi iliyonse tikamalowa ndinkagwada kupukuta matayala ndi nsalu. Chakudya chinali nsomba zosaphika zodulidwa mokongola, a Harold akudya za iwo ndi zanga zomwe, ine ndikupulumukira mpunga ndi mazira. Koma ndisaname, malowo ndi okongola. Mapiri obiriwira otsikira m'madzi, madziwo oyera mpaka kumaona nsomba zamawangamawanga uli pamtunda, ndipo anthu ake aulemu wogwetsa nkhope mpaka umasowa woti umukalipire.

M'mawa uliwonse Mika ankatitengera pamwamba pa phiri lija la Mayi Dawson. Pamenepo pamadzaza alendo ndi magalasi oonera patali, ndipo nangumi akaponya madzi m'mwamba kutaliko, onse amakuwa n'kuloza. A Harold maso awo anali atafooka. Dzanja limodzi silikanatha kugwira magalasiwo osanjenjemera, ndiye ndinkawagwirira ine, koma ndikamati ndiwalunjikitse, chinthucho chimakhala chitamira kale. "Mwaona, bambo?" "Ndikuona madzi." Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja wake chimodzimodzi. Tsiku lina anakankha magalasiwo n'kunena kuti, "Kunyumba pa kanema ndimawaona bwino kuposa pano. Tiyeni tizitsika." Kuyambira tsiku limenelo anasiya kudya, anasiyanso kundinyoza, ndipo kusiya kunyozako n'komwe kunandiopsa.

Pansi pa phirilo tinkaona timaboti tikupita ndi alendo kufupi ndi anangumiwo. A Harold ankatiyang'ana mpaka titazimiririka. Akanandipempha, ndikanawakanira bwinobwino n'kuwawerengera malamulo onse, mtima wanga uli m'malo. Koma sanapemphe. Ndine ndinayambitsa, kuwafunsa ngati akufuna boti. Iwo anati, "Za mapepala ako ndimazidziwa, Esinati. Uli ndi ana awiri. Isiye nkhaniyo." Asa! Munthu wamwano zaka ziwiri zathunthu, n'kusankha tsiku limenelo kuti akhale waulemu. Ndinakwiya nawo kwabasi.

Litatsala tsiku limodzi kuti sitima itibweze, ndinauza Mika, yemwe amalume ake anali ndi boti lotengera alendo, kuti akandionetse botilo, ati ndikangoona chabe. Nyanja inali bata, botilo linali labwino, lokhala ndi mpando wotsamira ndi zovala zoyandamitsa munthu akagwera m'madzi. Vuto linali kafikidwe kake. Kuchokera pamsewu kutsikira pomwe boti limaima panali masitepe amiyala, opapatiza, onyowa, khoma mbali imodzi, madzi mbali inayo. Njinga sikanadutsa. Anthu awiri ogwirizira munthu pakati sakanakwana. Amalume akewo anali okalamba, oyenda motsimphina, ndipo Mika akanathyoka pakati. Ndinaima pamenepo ndikuyang'ana masitepewo, n'kukumbukira kuti ku Ntcheu nthawi yadzinja, ambulansi ikalephera kuwoloka, odwala tinkawabereka kumbuyo mpaka kuchipatala. Azakhali anga ndinawawolotsa mtsinje wodzaza chotero, ndipo anali olemera kuposa a Harold, omwe anali atatsala mafupa okhaokha. Zitenje ndinali nazo m'chikwama, monga mudziwa kuti mayi wa Chimalawi sayenda wopanda chitenje.

Musaganize kuti sindinakukumbukireni. Ndinakuonani nonse, iwe Tiyamike ndi yunifolomu yako yakusekondale, iwe Dalitso ndi mpira wako, ndinamvanso mawu a bambo anu aja. Ndinadziuza kuti, Esinati, bwerera kunyumba ukapukute matayala, mawa ukwere sitima, ntchito yako ndi yomweyo. Koma ndinaganizanso kuti munthu wawoloka dziko lonse lapansi, wafika mpaka apa, n'kubwezedwa ndi timasitepe tochepa kuposa takutchalitchi kwathu? Ndiponso ndani akaone? Mayi Dawson anali kutsidya lina la dziko. Ndinauza Mika kuti amalume ake akonzeke.

Titafika ndi a Harold pamwamba pa masitepewo, ndinavula nsapato n'kutulutsa zitenje ziwiri. A Harold anafunsa kuti, "Nsaluzo n'zachiyani?" Ndinati, "Ndikuberekani kumbuyo." Anati, "Wapenga? Ine ndinali wamkulu wa amuna pa sitima. Sindingakwere pamsana pa mzimayi anthu akuona." Ndinati, "Ndiye tibwerere, mukaonere pa kanema." Anayang'ana botilo. Kenako anati, "Akuchotsa ntchito." Ndinati, "Zimenezo ndi zanga. Gwirani khosi langa ndi dzanja lamoyolo, ndipo musanditsamwitse." Ndinanjuta patsogolo pawo, Mika n'kuwakankhira pamsana panga. Chitenje chimodzi ndinachidutsa pansi pa matako awo n'kumanga m'chiuno, china m'mapewa n'kumanga pachifuwa, mfundo ziwiriziwiri. Nditaimirira, mwendo wakufa uja unkalendewera n'kumandimenya m'bondo. Ndinatsika chammbali, phazi limodzi kenako linzake, dzanja likukwawa pakhoma, ndikupemphera mokweza m'Chichewa. Iwo ali kukhutu kwanga, "Pang'onopang'ono, mayi iwe! Kumanzere kuli ndere!" Ndinati, "Khalani chete, mwana sayankhula ali kumbuyo." Amalume a Mika anavula chipewa n'kuwerama, kaya ankalemekeza ine kaya ankabisa kuseka, sindikudziwa.

Za anangumiwo ndikuuzani zochepa, chifukwa nthawi yambiri ndinali nditazyolikira kunja kwa boti ndikusanza. Tinayenda ndithu, kenako amalume a Mika anazimitsa injini. Kunali zii. Mwadzidzidzi ndinamva chiphokoso ngati tayala lalikulu likuphwa, n'kubwera fungo la nsomba zoola. Nditadzutsa mutu, msana wakuda unali kutuluka m'madzi pafupi nafe, utali wake wosatha, ndipo pambali pake kamwana, kamwana kotani poti nako kanali kakakulu kuposa boti lathu. Ine ndinakuwa, "Yesu wanga, tafa!" A Harold sanakuwe. Anayang'ana mpaka ziwirizo zinamira, kenako anandiuza kuti ndiwagwire lamba. Anawerama n'kuviika dzanja lawo m'nyanja mpaka m'chigongono, n'kulisiya momwemo nthawi yaitali. Anati, "Ndi ofunda, Esinati. Madziwa ndi ofunda." Misozi inali kutsika mbali yopotoka ija, ine n'kunamizira kuti sindikuona. Madzulo ake anadya mbale ziwiri ndipo anandinena kuti ndine wamantha ngati nkhuku.

Mwezi wa Malichi, kuofesi

Chimene sindinadziwe n'chakuti Mika anatijambula tikutsika masitepe aja, n'kutumiza chithunzicho kwa Susan monga gawo la ntchito yake yosangalatsa alendo. Susan atachiona analira ndi chimwemwe. Mwa ubwino wa mtima wake, anachisindikiza chachikulu, n'kupita nacho kuofesi kwathu pamodzi ndi maluwa, kukathokoza kampani chifukwa cha wantchito wake wodzipereka. Mtsikana wolandira alendo naye, mosaganiza, anachikhoma pakhoma. Ndiye ine polowa muofesi nditabwerako, chinthu choyamba kuchiona ndi ine mwini, wopanda nsapato, mzungu ali kumbuyo m'chitenje cha maluwa ofiira, boti likuoneka bwinobwino kumunsi. Malamulo onse awiri pa chithunzi chimodzi! Anthu abwino mtima ndi amene anandipachika, abale, adani anga sakanakwanitsa chotero.

Anandiimitsa ntchito n'kundiitanira kumlandu. Munali Mayi Dawson ndi bambo wina wochokera kulikulu. Ndinawakumbutsa kuti ananditumiza ndekha pamene lamulo limati awiri, koma anati nkhani imene tabwerera si imeneyo. Bamboyo atatuluka kukayankha foni, Mayi Dawson anatsitsa mawu kuposa masiku onse. Anati, "Esinati, sindikufuna kukutaya, antchito ndilibe. Pali njira. A Harold tonse timawadziwa, ndi ovuta. Ungonena kuti anakukakamiza, ankakuwa, ankafuna kudzigwetsa pamasitepe, mutu wawo sunali bwino, iwe unawanyamula pofuna kuwapulumutsa. Ukatero ndi chenjezo chabe, Lolemba ubwerera kuntchito." Ndinafunsa kuti, "Nanga iwowo ziwathera bwanji?" Anati, "Ziyenera kupita kwa a boma oona za okalamba, akawaunikenso ngati angathe kukhalabe okha panyumba." Ine nyumba za okalamba ndinagwiramo, ndinkadziwa kumene kuunikako kumathera. Munthu akangolembedwa kuti mutu wasokonekera ndipo akhoza kudzivulaza, kwawo sabwererako.

Ndinapempha madzi akumwa. Ndinkafunitsitsa ntchito imeneyo, ana anga, ndinkaifuna kuposa mmene ndingalembere apa. Bambo uja atabwerera anandifunsa kuti, "Tiuzeni, maganizo okwera boti anali a ndani?" Ndinati, "Anali anga. A Harold anandiletsa kawiri konse, anandikumbutsa ndi za ana anga zomwe. Mutu wawo uli bwino kuposa wa tonse tili muno." Mayi Dawson anatseka maso n'kupukusa mutu. Sabata yomweyo ntchito inatha. Susan anayesetsa, anapita kuofesiko kangapo mpaka kukalipa, koma anamuyankha zomwe ankatiyankha tonse.

Bambo anu sanakuwe, ndipo bola akanakuwa. Anakhala pampando wakukhitchini atavala jekete yawo yakuntchito, n'kunena kuti, "Ndinakuuzani, amake Tiyamike. Ndinakuuzani ndi pakamwa pangapa." Ndinati, "Munandiuza." Anati, "Ndiye anakupatsaninso mpata wachiwiri, inu n'kuukana?" Ndinati, "Mukanakhala inu mukanamunamizira misala mkulu uja?" Anatha masabata akuyankhula nane za magetsi ndi zogula zokha.

Chilimwe cha chaka chomwecho, Rotherham

Masabata amenewo sindifuna kuwakumbukira. Kulikonse komwe ndinkafunsira ntchito ankaimbira foni Mayi Dawson, ndipo akamva chifukwa chomwe ndinachotsedwera, amangoti tikuimbirani. Nthawi imene boma linandipatsa inkatha ndikuona. Ndinayamba kufunsa mitengo ya makatoni otumizira katundu kumudzi. Amene anatipulumutsa ndi amayi a kutchalitchi, omwe anaimbira abale awo mbali zonse mpaka kupeza nyumba ya okalamba ku Rotherham yomwe inali itasowa antchito mpaka kusiya kufunsa mafunso ambiri. Ananditenga nthawi itatsala pang'ono kutha. Ndinabwereranso ku ntchito yomwe ndinaithawa ku Sheffield, yodikira batire manja lende, ndipo ndinaigwira mpaka kupuma kwangaku. Bambo anu anasiya ntchito yawo yabwino yakudoko n'kukayamba kunyamula makatoni m'nyumba yosungiramo katundu. A Harold anakhalabe m'nyumba mwawo zaka zina zitatu, akuzunza antchito atsopano, ndipo anamwalirira momwemo, pabedi lawo. Susan ndiye anandiimbira.

Iwe Dalitso unali wamng'ono, unapeza anzako ampira tisanamasule n'komwe katundu. Koma iwe Tiyamike unali utatsala pang'ono kulemba mayeso, unali ndi anzako omwe munazolowerana, unali mukwaya yapasukulu, ndipo zonsezo zinatsala ku Hull. Mayeso aja sunakhoze mmene ukanakhozera, ndikudziwa, ndipo unabwereza chaka. Tsiku losamuka, tili m'galimoto ya katundu, unandifunsa m'Chingerezi chako chija, osandiyang'ana, kuti n'chifukwa chiyani mkulu wachilendo anali wofunika kuposa ana anga. Sindinakuyankhe, chifukwa ndikanatsegula pakamwa ndikanalira pamaso pa dalaivala.

Ndikuyankha lero. Sanali wofunika kuposa inu, ngakhale pang'ono. Ndikanadziwa kuti chithunzi chija chidzakhomedwa pakhoma la ofesi, mwina masitepe aja sindikanatsika, ndikanapukuta matayala n'kukwera sitima. Koma zoti ndinene kuti munthu wanzeru zake ndi wamisala, kuti iye atulutsidwe m'nyumba mwake ife tikhalebe m'mwathu, zimenezo zinandikanika, mwana wanga, ndipo atandifunsanso lero zingandikanikebe. Wolipira anakhala iwe, ndipo palibe anakufunsa. Ngati ukadali ndi mkwiyo, usaubise. Bwera nawo kuno udzandikalipire, ndine mayi ako, ndipo masiku ano ndimakhala pakhomo tsiku lonse.